Masabata Asanu Amene Ndinagoneka Mlongo Wanga

1

Dzina lakuti "Anesi" sindinadzipatse ndekha, owerenga. Ndinalipeza likundidikira pa siteji ya minibasi ku boma la Chadiza, pamodzi ndi amayi anga a Ebelesi ndi anzawo asanu ndi mmodzi a chigwirizano cha amayi a mpingo, tsiku limene ndinabwerako ku Mangalande nditathako zaka makumi awiri ndi zinayi. Gwero lake linali chithunzi chimodzi chimene ndinatumiza kalekale, ndili mu yunifolomu yoyera, magolovesi m'manja. Amayi anachizungulitsa mpingo wonse wa Reformed kwa Zemba mpaka chinadyeka m'makona. Palibe anandifunsa kuti ndinkagwira ntchito yanji. Inenso sindinaone chifukwa choyankhira funso limene silinafunsidwe.

Dzina langa ndi Lydia. Zaka zonsezo ndinkakhala m'kachipinda kozizira mu mzinda wa Leeds, kuwerenga buku lililonse limene ndinkalipeza ku laibulale ndi kulirira kwathu. Koma kwathu kumene ndinkakulirako sindinakupeze. Mkuyu wa pamphambano anaotchera njerwa. Kudambo kumene tinkakumba dothi la miphika kunamera majumbo. Nyimbo za m'buku, zimene kale tinkaziimba mokoka ngati ng'ombe zokwera chitunda, tsopano zimathamangitsidwa ndi kiyibodi yodwala chifuwa. Ndinkayenda m'mudzi nditakwinya nkhope, ndipo anthu ankati ndi mmene amaonekera ophunzira.

Chinthu chimodzi chokha chimene sichinasinthe ndi mlongo wanga Yoweli, wamng'ono kwa ine, mlimi wa thonje ndi mtedza, wa akatumba ngati mitondo ndi pakamwa posapuma. Iye yekha ndiye ankandiseka.

"Alongo, kodi ku Mangalande kumwetulira amalipiritsa? Kuno n'kwaulere, yesani."

Mkazi wake anali Keziya, amake Peace, wa kwa Mlolo, wobadwira m'banja la gule. Amayi anali atakhala naye pakhomo limodzi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, koma anali asanamukhululukirebe chifukwa cha ng'oma za bambo ake.

2

Titangotha kukumba mtedza, Yoweli anatsegula m'mimba sabata lathunthu. Anachira, tinaiwala. Patapita masabata awiri anayamba kunena kuti mapazi ake akuyendamo nyerere. Kenako patapata ankamuvuka panjira iye osamva. Lachitatu anagwa pa njinga pamalo osalala. Loweruka sanathe kudzuka pa mpando.

Ku boma anatitumiza ku chipatala chachikulu ku Chipata. Kumeneko adokotala anafotokoza kuti chitetezo cha m'thupi mwake, chitatha kulimbana ndi tizilombo ta m'mimba tija, chinasokonekera n'kuyamba kudya minyewa imene imatenga mauthenga kupita nawo kumiyendo.

"Ndiye kuti alonda anga omwe ndi amene akundithyolera nyumba?" anafunsa Yoweli.

"Ndi momwemo," anatero adokotala. "Koma minyewa imaphukanso, ngakhale mochedwa. Ntchito yanu ndi kusunga miyendo kuti minyewayo ikadzabwerera isadzapeze mfundo zitauma."

Zimenezi ndinazimva kwa Keziya, chifukwa ine mu wodi sindinalowemo. Ndinkakhala panja pa benchi n'kumati zipatala ndinatopa nazo. Keziya ndiye anagona pansi pa bedi masabata atatu, ndipo ndi iye amene anaphunzitsidwa mafizo, masewera olimbitsa ziwalo za wodwala. Potuluka anamupatsa pepala la zithunzi za kamunthu kogona, wina akukapinda mwendo. Lamulo lake linali losavuta: kupinda ndi kuwongola zala, akakolo, mawondo ndi m'chiuno, kakhumikakhumi, katatu pa tsiku, kumutembenuza pafupipafupi, kutsamiritsa mapazi ku thabwa kuti asagwe, kumukhazika tsonga pang'onopang'ono, osamutopetsa. Ndipo pakatha masabata awiri akaonekere kwa a Rosemary, amene amachititsa mafizo ku boma.

Keziya sukulu anailekera giredi 6, koma pepalalo analiloweza ngati katekisima.

3

Tsiku lachiwiri chibwerereni kumudzi, m'mawa, ndinamva Yoweli akubuula. Ndinalowa n'kupeza Keziya atagwada pa mphasa, phazi la mwamuna wake lili m'manja, akulikankhira m'mwamba.

"Zisanu ndi ziwiri. Pirirani, bambo ake Peace. Zisanu ndi zitatu."

"Mkazi iwe, unakwatiwa ndi munthu kapena chigayo cha pamanja?"

Amayi anaima pakhomo atagwira pachifuwa. Keziya atandiona anasangalala.

"Alamu, mwafika bwino. Ndigwirireniko mwendo uwu, ndione ngati ndikukhoza. Inu ndinu eni ake a ntchitoyi."

Ndikanathawira kuti? Ndinagwada, ndinagwira phazi la mlongo wanga.

Linali lozizira, lolemera, losayankha. Ndinaligwira kanthawi kochepa kwambiri, n'kulisiya ngati ndagwira mbaula. Maso a anthu atatu anali pa ine, kudikira kuti Mangalande alankhule. Ndipo Mangalande analankhula.

"Lekani zimenezi. Mukumupweteka."

"Koma a ku chipatala anati kupweteka pang'ono..."

"Zimenezo ndi njira zakale, amake Peace. Kunja tinazisiya. Minyewa yodwala imafuna mpumulo. Wodwala agone, afunde, asagwedezedwe."

"Nanga pepalali?"

Ndinalitenga, ndinaliyang'ana monga mmene mphunzitsi amayang'anira kope la mwana wopusa, n'kulipinda kanayi. Amayi anapuma mpweya waukulu.

"Ndimanena ine. Mulungu anatibwezera nesi pa nthawi yake."

Yoweli anakondwa kuposa tonse. "Alongo, mwandiombola m'manja mwa Farao."

Tsiku lopita ku boma litakwana, ndinagamula kuti msewu wa mabampu ungamuwonongeretu. Sitinapite.

4

Keziya sanandikhulupirire. Pakamwa ankati "chabwino, alamu," koma ine ndi amayi tikangotembenuka, ankatseka chitseko n'kuyamba kuwerenga chamumtima. Chinamuulula ndi kubuula kwa Yoweli.

Masana ena amayi anandiitanira kuseri kwa nkhokwe.

"Lydia, ife ndife a Reformed kuyambira agogo ako. Za mdulo sitikhulupirira."

"Inde, amayi."

"Koma taona. N'chifukwa chiyani mwana wanga amalira akamukhudza mkaziyu yekha? Ndipo chaka chino mtedza wake wonse amapita nawo ku boma pa mthuthuthu wa a Wadson, ogula thonje aja. Atagwira m'chiuno! Akabwerako ndi iye yemwe amathira mchere m'ndiwo."

Owerenga a m'tauni, musanamizire kuti simukudziwa. Kwathu amati mkazi akayenda ndi mwamuna wina, n'kubwera kudzathira mchere m'ndiwo za mwamuna wake, amamudula, ndipo matenda ake amakonda miyendo ndi chifuwa.

"Iwe waona zambiri," anapitiriza amayi. "Kodi zoterezi zingachitike?"

Ine Lydia, amene ndinawerenga mabuku okwana kudzaza ngolo ziwiri, amene ndinali nditafufuza kale matenda a mlongo wanga pa foni n'kudziwa kuti mchere ulibe nawo mlandu, ndinayang'ana kumwamba ngati mneneri n'kunena kuti:

"Amayi, pali zinthu zina zimene makina a azungu saziona."

Ndinkafuna chinthu chimodzi chokha: kuti mkazi uja asiye kundiyang'ana ndi maso ofunsa. Mawu angawo anafika ku chigwirizano Lachinayi, anafika kwa akazi awo a Wadson Lachisanu, ndipo Loweruka kumjigo kunali nkhondo ya zidebe. Lamulungu amayi anamuletsa Keziya kuphika ndi kulowa m'chipinda cha wodwala.

Yoweli anakuwa ali chigonere. "Amayi, mkazi wanga amakwera mthuthuthu chifukwa matumba a mtedza alibe mapiko!"

"Wodulidwa sadziwa kuti wadulidwa," anayankha amayi. "Funsa Anesi."

Yoweli anandiyang'ana. Ine ndinali kalikiliki kukonza bulangete limene linali lokonzeka kale.

Keziya anamanga kamtolo kake Lolemba. Asananyamuke anaima patsogolo panga.

"Alamu, ine ndikupita. Koma mapaziwo muziwatsamiritsako ku thabwa. Chimenecho chokha."

Thabwalo amayi analisonkhezera pamoto.

5

Masabata asanu mlongo wanga anagona monga ndinalamulira. Amayi ankamusambitsa ndi kumudyetsa, ine ndinkaima pakhomo n'kumapereka malangizo. Akatumba aja anasungunuka. Mapazi anagwa n'kuloza kutsogolo ngati a munthu wonyang'ama. Nthabwala zinayamba kuchepa, ndipo tsiku lina zinatheratu.

Lachiwiri lina cha m'ma teni tinamva mthuthuthu pabwalo. Anatsika mayi wamfupi, chipewa cha chitsulo m'khwapa.

"Ndine Rosemary wa ku boma. A Yoweli ndawadikira kawiri osabwera. Ndati ndidzaone ngati ali moyo."

Anavundukula bulangete, anagwira phazi lamanzere n'kulikankhira m'mwamba. Phazi linakana. Anamutembenuza Yoweli, napeza bala lofiira pa fupa la m'chiuno. Sanakweze mawu.

"Mayi amene ndinamva kuti anaphunzira mafizo ku Chipata ali kuti?"

"Anapita kwawo," anatero amayi. "Koma musadandaule, tili ndi nesi wathuwathu wa ku Mangalande. Ndi amene anati agone."

A Rosemary anatembenuka pang'onopang'ono.

"Oho. Ndiye ndinu anzanga. Munali wodi yanji, asisi?"

"Ya... ya anthu ogona."

"Chabwino. Popeza muli pano, tandionetsani mmene mumafewetsera mfundo youma kunjako. Mwina ife a kumudzi tinatsalira."

Ndinagwada. Mutu unali utaima, koma manja anadziwa okha kopita. Anayambira ku zala, chimodzichimodzi, kuzungulitsa ndi kukoka. Anakwera pa kakolo, chikhatho pansi pa chidendene, mkono ukukankha phazi mosaumiriza. Bondo, kupinda, kuwongola. M'chiuno. Mwendo winawo chimodzimodzi. Ndinamva a Rosemary akuti "ee, ee," modabwa, chifukwa ndinkakhoza. Ndinkakhoza kuposa mmene iwo ankayembekezera. Ndipo manjawo, pokhala atazolowera kumaliza ntchito, anapitiriza. Analumikiza mapazi awiri pamodzi. Anatenga mikono ya Yoweli n'kuipingasa pamimba. Dzanja lamanja linalowa pansi pa chibwano n'kutseka pakamwa.

Yoweli analankhulira m'mano.

"Alongo, pakamwapo ndikugwiritsabe ntchito."

Amayi anakhala pansi pang'onopang'ono, atatsamira khoma.

"Lydia," anatero, "ine ndasambitsa maliro mu mpingo uno zaka makumi anayi. Ndondomeko imeneyi ndikuidziwa."

6

Ndi zimenezo, owerenga. Unesi sindinaulowepo ngakhale khomo lake. Zaka zitatu zoyamba ndinkachapa zofunda kunyumba yosungira okalamba. Zaka makumi awiri ndi chimodzi zotsalazo ndinkagwira ntchito pa kampani yokonza maliro. Ndinkasambitsa azungu akufa, kuwafewetsa mfundo kuti jekete ilowe, kuwapesa, kuwapaka ufa kumaso kuti abale awo anene kuti akungooneka ngati agona. Yunifolomu ya pa chithunzi ija inali ya kumeneko. Odwala anga onse ankagona phee, ndipo palibe mmodzi anadandaulapo.

Tsiku lija ndinagwira phazi la Yoweli, ndinagwira chinthu chimene manja anga anachigwirapo kambirimbiri. Kuzizira komweko, kulemera komweko. Zimene zinali pa pepala la Keziya zinali zomwe ndinkachitira mitembo. Sindinathe kupirira kuona mlongo wanga akukonzedwa chotero akadapuma. Chimenecho ndi chifukwa chimene ndimachikonda, chifukwa chimandiveka bwino. Chachiwiri n'chakuti ndinkaopa kugwidwa, ndipo Keziya anali pafupi kundigwira.

Ndinaulula zonse nditagwada pomwepo. A Rosemary sanandinyoze, ngakhale ndikanakonda akanatero. Anangoti, "Mundibweretsere mayi uja. Pano pakufunika manja anayi, kuyambira lero osati mawa."

Ndinakwera njinga ya Yoweli kupita kwa Mlolo, ine amene ndinali ndisanapalasepo chichokereni kwathu. Ndinagwa kawiri. Keziya ndinamupeza pa khonde la bambo ake akuswa mtedza. Sanandipatse mpando. Anamvetsera mpaka kumapeto, manja osaleka ntchito.

"Ndiye munandisandutsa hule kuti inu mukhalebe nesi?"

"Inde."

"Apongozi anga omwe amasambitsa maliro. Manyazi anali a chiyani?"

"Amayi amachita mwachifundo, pamudzi pawo. Ine ndinakwerera ndege."

Anaseka kamodzi, kuseka kopanda mano.

"Kukwera ndege kukasambitsa maliro a eni! Bambo anga akamva adzakupekerani nyimbo." Anapukuta manja pa chitenje. "Mapazi ali bwanji?"

"Lamanzere lauma."

Apa ndi pamene analira, koma mwachidule, ngati munthu amene ali ndi ulendo.

"Ndibwera chifukwa cha bambo ake Peace, osati inu. Koma Lachinayi mukaimirire ku chigwirizano, akazi awo a Wadson ali pomwepo, mukanene zonse ndi pakamwa pomwe munandinenera. Mchere womwe mukautchule."

Ndinakaimiriradi. Amayi makumi atatu a mabulauzi oyera anandimvetsera mpaka ndinamaliza. Akazi awo a Wadson anadzuka n'kukagwira Keziya dzanja. Amayi anga anayang'ana pansi nthawi yonseyo, ndipo madzulo ake anatenga chitini cha mchere n'kukachiika m'manja mwa mpongozi wawo. Koma funso lokhalo limene ndinafunsidwa pamsonkhanopo linachokera kwa gogo wina wa kumbuyo.

"Anesi... kaya tizikuitanani ndani tsopano. Kodi azungu akafa amaumanso?"

"Kuposa ife, amayi."

"Ndimaganiza ine."

7

Tinayambiranso pamene tinalekera, koma phiri litakula. Keziya mwendo wamanja, ine wamanzere, katatu pa tsiku. A Rosemary anatipangitsa timatabwa tomangirira mapazi kuti aime, natiphunzitsa kukoka msempha wa kuchidendene pang'onopang'ono, kugwira, kuwerenga mpaka makumi atatu, kusiya. Ankabwera kawiri pa mwezi, kudzatikalipira tikamuthamangitsa wodwala ndi kudzatikalipiranso tikamunyengerera. Bala linapola. Yoweli anakhala tsonga, poyamba akuona chizungulire. Nthabwala zinabwerera miyendo isanabwerere.

"Amake Peace, uziwayang'anitsitsa alongowa. Ukaona atulutsa chipeso ndi ufa wa kumaso, ukuwe."

Mwezi wachitatu chala chachikulu cha kumanja chinagwedezeka chokha. Keziya anaitana mudzi wonse kudzaonerera chala. Tinakumba mayenje anayi pabwalo n'kuimikamo mphanda, pamwamba pake n'kugonekapo mitengo iwiri ya bulugamu mofika m'chiuno, kuti azigwirira uku ndi uku. Tsiku loyamba anaima kanthawi kotha kunena Atate Wathu mpaka pa "chakudya chathu chalero", n'kugwera m'manja mwathu akutukwana. Mvula yoyamba inamupeza akuponya mapazi asanu. Pokolola chimanga anali akufika yekha kutchalitchi ndi ndodo.

Mwendo wamanja unabwerera wonse. Wamanzere unabwerera, koma phazi linatsalira. Siliimirira bwino, poyenda amalikweza m'mwamba n'kuliponya, akatopa amalikoka. Njinga sapalasanso. Munda wa thonje wa kutsidya kwa dambo anausiya, amalima dimba la pafupi.

Ndinawafunsa a Rosemary tsiku lina, tili awiri, ngati masabata anga asanu aja ndi amene anadya phazilo.

"Ena amatsala nalo chotero ngakhale atachita zonse," anatero. "Koma ndikakuuzani kuti simunawononge kanthu ndinama. Gawo lanu ndi lalikulu bwanji, palibe angakuyezereni."

Ndinkafuna chigamulo, anandipatsa funso loti ndizigona nalo ndi kudzuka nalo.

Tsopano inu owerenga, makamaka inu amene muli ndi m'bale wobwera kunja amene mumamupatsa mpando wa ndalema ndi chiwindi cha nkhuku: mufunseni kuti kwenikweni ankachita chiyani kumeneko, ndipo mudikire yankho. Kukhala nthawi yaitali kutsidya kwa nyanja si sukulu. Ndipo wanu akadzatuluka m'chipatala miyendo italefuka, atapatsidwa kapepala ka zithunzi, mudzapinde miyendoyo kuyambira tsiku loyamba, ngakhale atabuula, ngakhale atakutchulani Farao. Chifundo chimene chimafunditsa munthu bulangete n'kumusiya, ine ndinachiyesa pa mlongo wanga weniweni.

Yoweli anandikhululukira msanga, mwina msanga kwambiri. Keziya amandipatsa moni ndi kundigawira ndiwo, koma sitinasekerepo limodzi, ndipo sindimuimba mlandu. Akhristu anzanga amakumbukira machimo awo pa Mgonero, kamodzi pa miyezi ingapo. Langa limadutsa pansi pa zenera langa m'mawa uliwonse likupita kudimba, ndodo gu, phazi khwee, likuimba mluzu.